Bwalo Losasesa

Golomoti,
Lachitatu masana

Mwana wanga Veronika,

Ndakhala pansi pa bwemba wathu uja ndi kope limene ndinalandira kusukulu ya kwacha, ndipo ndikuzula masamba apakati kuti ndikulembere. Iwe wapita kukatsanzika kwa azakhali ako, ndiye ndapeza mpata. Usaseke zilembo zangazi. Pensulo ndinaphunzira kugwira imvi zitayamba kale, ndipo iwe amene ukupita kukaphunzira uphunzitsi ku Blantyre usayambire pa ine kuchonga ndi cholembera chofiira. Ndikanatha kungokuuza pakamwa, koma ndimadzidziwa ndekha. Ndikayamba kulankhula za mumtima ndimathera kukalipa, apo ayi kukufunsa ngati walongedza sopo. Kalatayi ndiika m'sutikesi, pamwamba pa zitenje. Uiwerenge sitima ikadutsa Balaka, pamene sungathenso kutsika n'kubwera kudzandiyankha.

Choyamba ndikuuze kuti mtima wanga uli m'malo. Dzulo ndinakumva ukukangana ndi abambo ako za chingwe chomangira katundu, mawu ako akufika mpaka kwa Abiti Saidi, ndipo ndinalowa m'khitchini n'kukaseka ndekha. Zaka ziwiri zapitazo ndikanapereka mbuzi zonse za m'khola kuti ndimve iwe ukukangana ndi munthu. Ukudziwa chimene ndikunena. Mayeso a Fomu 4 aja atatuluka dzina lako palibe, unalowa m'chipinda n'kugona choyang'ana kukhoma, kuyambira mvula yoyamba mpaka mpunga kuyamba kucha. Sunkalira, sunkadandaula, sunkapempha kanthu. Ndikakuitana unkangoti "ee" wa pansi pa bulangete, kutentha konse kwa kuno. Ine ndinali nditayamba kukuika m'manja mwa Mulungu. Lero wabwereza, wakhoza, akuitana, ndipo mawa ukwera sitima ndi miyendo yako. Ndathokoza, mwana wanga, ndagwada mpaka maondo akuwawa.

Koma chinthu chimenechi ndimachidziwa, ndipo chimabwerera. Sichiimba ng'oma pobwera. Kuno chikafika tili nacho chochita, chifukwa kuno munthu sabisika. Bwalo likagona masiku awiri losasesa, mtondo ukapanda kulira, utsi ukachedwa kutuluka padenga, anthu adziwa kale kuti pakhomopo pali kanthu. Kumene ukupitako ndamva kuti mumagona m'nyumba yaitali ya mabedi ambiri, ndipo bwalo amasesa ndi munthu wolembedwa ntchito. Nanga ndani akadziwe kuti Veronika lero wadzuka thupi lokha? Ukhoza kuvala bwino, kukhala m'kalasi, kuyankha dzina likaitanidwa, mkati ukumira, wina aliyense osadziwa. Chimene chandigwiritsa pensulo ndi chimenechi basi. Za anyamata ndi za ulemu akulangiza kale azakhali ako, ndipo akulangiza mopyola muyeso.

Sindinakuuzepo kuti nanenso ndinagonapo choyang'ana kukhoma. Unali ndi zaka zinayi, sungakumbuke. Mlongo wako Yohane, amene umangomva dzina, atatengedwa ndi chikuku, anthu anakhala nane mpaka tsiku lometa, kenako anabalalika monga mwa mwambo, aliyense kumunda kwake. Ine ndinatsala pamphasa. Kulakwa kwanga kunali kwakuti ndinkati ndidikire mtima upole kaye, ukapola ndidzuka. Ndinadikira mwezi, ndinadikira wachiwiri. Mtima sunapole, unangouma. Iwe unkadya kwa anthu, tsitsi lili nyankhalala, ndipo abambo ako ankachoka kuntchito yawo ya njanji n'kudzapeza moto wozima.

Tsiku lina m'mawa kunabwera Abiti Saidi, mkono wamanja ataukulunga ndi nsanza, pamutu pali dengu la chimanga. Nthawi imeneyo sitinali pachinzake kwenikweni. Iwo Asilamu, ife a kutchalitchi, tinkangopatsana moni ndi moto. Sanandipepese, sanakhale n'komwe pansi. Anaima pakhomo n'kunena kuti, "Anambewe, ndagwa pachitsime, mkono uwu watha ntchito. Chigayo chili kutali, ana anga agona ndi njala. Mundikonolere chimangachi." Ndinapsa mtima, Vero! Ndinati mayi wopanda chisoni uyu, sakuona kuti ndili pamaliro? Koma munthu wapempha, ana ake ali ndi njala, ukana bwanji? Ndinadzuka ndikutukwana chamumtima. Pofuna kuimika mtondo ndinapeza bwalo lili zinyalala zokhazokha, zitosi za nkhuku ndi makoko a bwemba, moti sukanapetapo mphale. Ndinayamba ndi tsache.

Ndikuuze zimene zinachitika m'thupi, pakuti za mumtima sindinazione tsiku limenelo. Nditasinja pang'ono thukuta linatuluka. Thukuta litatuluka ndinamva fungo langa ndekha, ndinachita manyazi, ndinapita kukasamba. Nditasamba ndinamva njala, njala yeniyeni, yoyamba chimwalirire Yohane. Abiti anamasula kansalu ka usipa, tinaotcha, tinadya limodzi pakhonde, iwe uli pakati pathu. Tsiku limenelo ndinagona tulo ta munthu wotopa, osati tija ta munthu wothawa. M'mawa mwake anabweranso ndi dengu lina, mkuja wake lina. Mkono umenewo unadwala milungu itatu yathunthu.

Ndiye tamvera, mwana wanga, usamadikire mtima. Mtima ndi waulesi, umabwera pambuyo pa manja. Ukadzuka tsiku limene zonse zikuoneka zakuda, usayambe n'kudzifunsa kuti kodi lero ndili bwanji. Yala bedi, sesa pansi pake, samba madzi ozizira, pesa tsitsi, dzola mafuta, tsegula zenera. Ukatha zimenezi ndiye udzifunse. Nthawi zambiri upeza kuti katundu uja wapepukako, ndipo ngakhale asapepuke, wasamba kale.

Pamtondo pomwepo m'pamene ndinaphunzira kutulutsa mawu. Akazi a kuno timaimba posinja zimene sitinganene pamaso pa amuna kapena apongozi, ukudziwa. Mlungu wachiwiri Abiti anayambitsa nyimbo yonyoza amuna awo, oti amapita kunyanja ndi ukonde n'kubwerako ndi nkhani zokhazokha. Ine ndinavomera, kenako ndinayambitsa yanga, ndipo mpaka lero sindidziwa kumene inachokera. Ndinkangoitana dzina la Yohane motsatana ndi munsi, kumufunsa kuti phala lake ndipatse yani. Misozi inkagwera mumtondo momwemo. Abiti sananditonthoze, ankangovomera nyimboyo mpaka inatha yokha. Lero chigayo chafika pafupi, mitondo yasanduka mipando, ndipo ndimadabwa kuti atsikana a masiku ano zawo amatulutsira kuti. Kumeneko mtondo kulibe, koma kuli kochapira. Usamachape wekha nthawi imene anzako kulibe. Pita pamene padzaza, uyambitse nyimbo, ngakhale mawu unatengera abambo ako. Kukakhala kwaya, lowa. Sakakuthamangitsa, akangokuika kumbuyo.

Kulakwa kwina ndinkachita ngakhale nditadzuka kale pamphasa. Popita kuchitsime ndinkazungulira kuseri kwa mlambe, njira ya minga, kuthawa moni. Ndinkaopa funso lija lakuti mwadzuka bwanji, chifukwa yankho loona linali lalitali, ndipo lonama linkandiwawa. Tsiku lina ndinaponda munga wa mthethe, phazi linatupa, ndipo ndinakakamizika kuyenda njira ya aliyense, pang'onopang'ono, motsimphina. Aliyense anandiimitsa. Wina anandiuza mankhwala a munga, wina anandiuza za mbuzi yake yoswa atatu, wina anandilanda ndowa n'kundisenzera. Ndinafika kunyumba ndikudziwa nkhani za mudzi wonse, ndipo ulendo wonsewo sindinaganize za ine. Moni ndi kanthu kakang'ono, Vero, koma uziyamba ndiwe kupereka. Wophika, mlonda wa pageti, mayi wogulitsa nthochi kunja kwa mpanda, uwadziwe mayina onsewo. M'tauni akuti anthu amangodutsana ngati ng'ombe. Iwe usakatengere.

Ndinkaopanso kuseka. Patapita miyezi ingapo abambo ako anagula kankhumba ku Mtakataka n'kukamanga pakaliyala. Atafika pamlatho wa mitengo uja kankhumba kanamasula mwendo, kanapalasa, njinga inalowera m'ngalande. Anafika pakhomo matope mpaka m'makutu, nkhumba ili m'manja ikulira, nsapato imodzi palibe, koma chipewa chili bwinobwino pamutu. Ndinaseka mpaka kugwira nthiti. Kenako ndinasiya mwadzidzidzi. Ndinati ndaseka bwanji mwana wanga ali m'manda? Ndinadzilanga, tsiku lonse osaika kanthu m'kamwa. Abambo ako, amene umawadziwa kuti mawu awo ndi owerengeka, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Nanga ndigwe kangati m'ngalande kuti inu mudye?" Apo m'pamene ndinakumbukira kuti nawonso anataya mwana, ndipo kuseka kwangako n'kumene anali kudikira miyezi yonseyo. Chimwemwe chikakupeza usachifunse kuti watumidwa ndi yani. Kumeneko ukapeza anthu a mitundu iwiri, oseketsa ndi odandaula. Odandaula uziwamvera, ndi anthu, koma pakudya uzikhala pafupi ndi oseketsa.

Tsono ungaganize kuti munthu amene anadutsa m'zonsezi akanadziwa chochita mwana wake atagwa. Ayi ndithu! Ndinakutcha waulesi. Ndinakuvundukula bulangete, ndinakuuza kuti anzako amene sanapite n'kusukulu komwe ali ndi minda ndi ana awiriawiri. Ndinati mayeso si maliro. Mawu amenewo ndikawakumbuka ndimafuna kudziluma lilime. Ndinkaganiza kuti chisoni chiyenera kukhala ndi manda ake kuti chiloledwe, ndipo chako chinalibe. Undikhululukire, mwana wanga, pakamwa ndalephera kunena zaka ziwiri zonsezi. Nawenso usamadzilankhule mmene ndinkakulankhulira ine. Liwu lija likayamba m'mutu, lakuti ndiwe wolephera, ndiwe wochititsa manyazi, udzifunse ngati ungalankhule choncho kwa mnzako amene akudwala.

Choipa kwambiri n'chakuti ndinapita kwa sing'anga. Ansembe asamve. Ndinanyamula tambala wathu wofiira uja, amene ndinakuuzani kuti wagwidwa ndi vumbwe, n'kupita naye kutsidya kwa njanji. Munthuyo anagwedeza nsupa zake n'kundiuza kuti mwana wanu anamutseka nzeru ndi munthu amene mumapalana naye moto. Nanga ndi yani winanso? Ndinasiya kupala moto kwa Abiti Saidi. Ndikawaona akubwera ndinkalowa m'nyumba. Mayi amene anandidzutsa pamphasa ndinamuyesa mfiti chifukwa cha mawu ogula ndi tambala! Mtima ukalemera umafuna munthu womuloza chala, ndipo umayambira amene ali pafupi. Kumeneko ukadzayamba kuona ngati onse akukuseka, mnzako wa bedi loyandikana akukuda, aphunzitsi akukusala, uyambe wadya, wagona, wayenda panja, usanaweruze munthu.

Abiti anabwera okha, mmene amachitira. Anandipeza ndikupeta, anakhala pamtondo wogona n'kunena kuti, "Anambewe, kodi moto wanga wayamba kununkha?" Ine ndinangopitiriza kupeta. Iwo anati, "Bwalo lanu mukusesa, koma pazenera la mwana pamanga kangaude. Mwana ameneyu mukumutani?" Ndinayamba kudandaula kuti ndayesa zonse, kukalipa, kunyengerera, kupemphera. Iwo anatambasula mkono wamanja uja n'kuugwedeza pamaso panga. "Mkono uwu unadwalapo liti?" Ndinati, "Si paja munagwa pachitsime?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Walahi, chibadwire sindinagwepo pachitsime. Nsanza ija ndinkamanga ndikafika kuseri kwa nkhokwe yanu. Changa chitatha, chimanga china ndinkachita kutenga cha anthu kuti mupeze chosinja." Zaka khumi ndi zisanu, Vero, ine ndikumawafunsa nyengo yozizira iliyonse ngati mkono ukuwawa, iwo n'kumati ukuyesako!

Ndinalira, ndinawauza za tambala. Anati ndikanawapatsa iwo tambalayo akanandiuza zoona, bola womuzinga akanakhala amuna awo. Kenako anasiya nthabwala n'kunena kuti, "Munthu wogwa mumtima samva zoti dzuka udzithandize. Amamva zoti dzuka undithandize." Anatenga khala la moto m'khitchini mwanga, ngakhale kwawo moto unalipo, n'kumapita.

Tsopano khala bwino pampando wa sitimayo, pakuti ndafika pamene ndimafuna. Msana wanga uja sunadwalepo. Mpunga wa kudambo unali utayamba kuweramitsa mitu, mpheta zikutera ngati utsi. M'mawa uja ndinakuwa kuti mayo msana, mayo ndafa ine, abambo ako n'kubwera kudzakuuza kuti iwo sangajombe kunjanji, ndipo ukapanda kupita kukaingitsa mbalame chaka chino tidya madeya, zonsezo tinali titapangana dzulo lake kuseri kwa khola. Abambo ako anatsala pang'ono kuwononga zonse. Ndikabuula ankatuluka panja msangamsanga, iwe n'kumayesa akukalira, pamene akukaseka. Koma unatuluka. Unali utaonda, khungu litatuwa, maso akuopa dzuwa. Unatenga chingwe cha zitini n'kulowera kudambo.

Tsiku lachitatu sindinapirire. Ndinadzuka pamphasa ya matenda anga abodza, ndinadzera m'chimanga cha eni ake chowerama, n'kukabisala kuseri kwa chulu. Unali pansanja, ukukoka chingwe, zitini zikulira, koma pakamwa uli chete. Mbalame za kudambo siziopa zitini zokha, zinazolowera kalekale. Zinatera gulu lonse kumapeto kwa munda. Ndinakuona ukukoka, ukukoka, osathandiza. Kenako unaimirira n'kukuwa kuti, "Haaa! Chokani apo, afiti inu!" Mawu anatuluka osasa, koma anatuluka. Atsikana a kwa Abiti anakuyankha ali pansanja yawo, nawe unawayankha. Ine kuseri kwa chulu ndinaluma chitenje kuti ndisamveke. Linthumbu linandikwera miyendo yonse, ine osasuntha. Pobwerera ndinathamanga, munthu wa msana wothyoka, kuti undipeze ndili gone.

Madzulo amenewo unamaliza mbale yonse n'kufunsa ngati ndiwo zatsala. Unanditikita msana ndi mafuta, ukundifunsa kuti pakuwawa ndi pati, ine n'kumaloza paliponse. Mulungu andikhululukire, tsiku lina ndinaloza kumanzere, mawa lake kumanja, ndipo unandiyang'ana mokayika. Ngati unadziwa, unandisungira ulemu, ndipo ndathokoza. Ngati sunadziwe, kalipa pamenepo, anthu a m'sitima akuyang'ane, ine ndili kutali.

Chimene ndinaona kudambo ndi chakuti munthu si bowa kuti azikhala mumthunzi. Mabuku ndi abwino, ndi amene ukuwapitira, koma tsiku lililonse utuluke, dzuwa likuwombe, uyende mpaka thupi lifunde. Ku Blantyre akuti kuli mapiri ndi mphepo yozizira. Uzikawaona, udzandiuze ngati amaposa awa timawaona kumadzulo kuno. Ukapeza kamalo kuseri kwa nyumba yanu ubzale kanthu, ngakhale m'chitini. Ndakuikira njere za therere ndi za maungu m'kapepala. Chinthu chofuna madzi m'mawa chimadzutsa munthu. Ndipo uzidya, wamva? Nyemba za kusukulu akuti zimakhala ndi anankafumbwe, chotsa, idya. Usamatengere mbale kubedi. Ndakusinjira chiponde, chili m'botolo lokulunga ndi nsalu, ndipo usadye wekha mobisa, chidzakukakamira kukhosi.

Uchenjere ndi Lamulungu masana. Masiku enawa ali ndi ntchito zake zokukoka, koma Lamulungu mukatuluka m'tchalitchi n'kudya, pamatsala dzenje. Ine ndinkagweramo mlungu uliwonse. Ndinkakhala pakhonde n'kumawerenga akazi odutsa amene ana awo aamuna ali moyo, mpaka dzuwa kulowa mtima uli bii. Iwe udzakhala pabedi n'kumawerenga amene alandira alendo, amene ali ndi nsapato zatsopano, amene anakhoza ulendo umodzi osabwereza. Usayambe n'komwe. Uzikonzeratu Loweruka chimene udzachite, kaya kusoka, kaya kulukana tsitsi, kaya kukaona wodwala, kaya kundilembera ine. Undilembere zazing'onozing'ono, zoti wadya chiyani, mphunzitsi uti amalankhulira m'mphuno, therere lamera kapena ayi.

Ine chidzukire pamphasa paja ndili ndi kachizolowezi kanga. Ndikamatsekera nkhuku madzulo ndimatchula chinthu chimodzi chimene chayenda bwino tsiku limenelo. Masiku ena chimakhala chachikulu, masiku ena n'chakuti nkhuku zalowa zonse basi. Abambo ako amati ndimacheza ndi nkhuku, aleke azinena. Iwe nkhuku ulibe, ndiye uziuza nsapato zako pozivula. Za lero ndikudziwa kale chimene ndikaziuze.

Ndipo ukadzaona mtsikana wina amene bedi lake lagona losayala, amene akudya yekha kapena osadya n'komwe, usakamuuze kuti limba mtima. Mawu amenewo ndi opanda ntchito, ndinawayesa pa iwe. Ukamupemphe kuti akuluke tsitsi, kapena akuthandize samu imene ukuidziwa kale. Umange nsanza pamkono ngati kuli kofunika. Bodza limenelo ndikaulula ndine kwa ansembe, ndazolowera. Udzaona kuti pomudzutsa iyeyo nawenso wadzuka.

Sindikunamiza kuti unachira tsiku la mbalame lija. Panali masiku ena unkabwerera kukhoma. Titakolola mpunga ndinapita nawe kuchipatala, ndipo namwino wachikulire uja anakhala nawe nthawi yaitali chitseko chotseka. Anandiuza kuti amenewa ndi matenda ngati ena onse, si ulesi, si ufiti, ndipo munthu sachita nawo manyazi. Ndiye tsache, nyimbo, dzuwa ndi moni ndi za tsiku ndi tsiku, monga kutsuka m'kamwa. Koma ukaona kuti wachita zonsezi mlungu wathunthu, wachiwiri, chakudya sichikulowa, tulo sitikubwera, kapena maganizo ayamba kukuuza kuti bola ukanakhala kulibe, usalimbane nazo wekha. Pita kuchipatala tsiku lomwelo, uuzenso mayi woyang'anira atsikana. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, mwana wanga.

Chatsala chimodzi, ndipo ndicho chachikulu. Ndimakudziwa, Vero, unatengera kuuma mutu kwanga. Zikadzakuvuta udzalemba kuti kuno ndili bwino, kaya inu kumeneko, ndi zilembo zokongola, ine n'kumasangalala pamene iwe wayang'ana kukhoma. Ndikudziwanso kuti nthawi imeneyo mawu sabwera, ngakhale pensulo imalemera. Ndiye pansi pa kalatayi upeza maenvulopu atatu. Keyala ndalemba kale ndi dzanja langa, masitampa ndamata kale, ndipo pakona ya iliyonse ndajambula katsache. Usawagwiritse ntchito popereka moni kapena popempha sopo, za zimenezo ugule ako. Amenewa ndiwo bwalo lako, poti lenilenilo sindidzatha kuliona. Tsiku limene udzaone kuti chinthu chija chabwera ndipo chakana kuchoka, usalembe kanthu. Mata envulopu ilibe kanthu, uponye. Ukalephera kufika kupositi, upatse aliyense wopita kutauni.

Ndawauza kale aphunzitsi aakulu amene amatilandirira makalata kuti akadzaona ya katsache asadikire Lamulungu, atume munthu tsiku lomwelo. Anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu, koma avomera. Abiti ati nkhuku adzandisungira. Sindidzakufunsa mafunso, sindidzakalipa, ndayesetsa kuphunzira. Ndidzangofika ndi dengu langa pamutu, ndipo mwina mkono udzakhala wokulunga nsanza.

Ndikumva mawu ako kunjira, ukuseka ndi wina, ndiye ndilekere pano ndisanagwidwe. Pita bwino, mwana wanga. Ukaphunzire, ukasambe, ukaimbe, ukapereke moni. Maenvulopu atatuwo ndikupempha Mulungu kuti udzabwere nawo onse, masitampa atasuluka, tidzaseke. Koma ikafunika, ponya. Usadzaganize zoti amayi akalamba, ulendo ndi wautali, benchi la m'sitima lidzawapweteka. Msana wanga uli bwinobwino, ndakuuza kale.

Ndine mayi ako,
Nambewe